Bawo ya pa foni yopanda data, kabokosi kanga kakumazima kokha ndithandizeni

Kondwani:
Madzulo abwino nonse. Pepani ndilemba zambiri koma nkhaniyi ndakhala nayo masabata atatu tsopano ndipo mutu waima. Ena mukudziwa kuti ndikaweruka ndimakhala pa laputopu mpaka usiku, ndiye ndapanga bawo yosewera mu browser ya pa foni, palibe zodawuniloda app ayi, ndi fayilo imodzi yokha ya HTML, JavaScript yake ili momwemo. Amene anandiyambitsa ndi agogo anga aamuna kuno ku Mufakose mu Harare. Anabwera kuchokera ku Dedza nthawi ya chitaganya ali mnyamata, thabwa lawo la bawo likadalipo kuseri kwa kabati koma anzawo amene ankasewera nawo pansi pa mtengo wa mango aja anatha onse, ena anatisiya ena anabwerera kumudzi, ndipo ife adzukulu palibe ndi mmodzi yemwe amene amaidziwa bwinobwino. Ana a pa layini yathu amangodziwa tsoro, masewera a Chishona ofanana ndi bawo, nayonso ndi ochepa. Ndiye ndinati popeza ana sasiya foni m'manja, bawoyo iwapeze momwemo.

Kondwani:
Vuto ndi data, mwana sangathere bandulo ya mayi ake pa bawo. Ndiye ndinagula ESP32, kabolodi kakang'ono kotalika ngati bokosi la machesi, kamene kamatulutsa WiFi yakeyake popanda intaneti. Game ndaiika mkati mwake, foni ikalumikiza ku WiFi imeneyo umatsegula Chrome nkulemba 192.168.4.1 bawo nkutuluka, anthu awiri nkumasewera aliyense pa foni yake. Kakakhala pa laputopu ndi chingwe cha USB zonse zili bho. Koma ndikangokaika pa batire, foni yachiwiri ikangolowa kamazima nkuyakanso kokha, game yonse nkufufutika. Dzulo lokha kachita zimenezi kasanu. Amene mumadziwa zamagetsi chonde.

Yamikani:
Aise batire yake yotani, ndipo waimanga pa pin iti

Kondwani:
Batire imodzi ya mtundu wa 18650 achimwene, waya wofiira pa VIN polowera moto, wakuda pa GND mbali ya minus. Pa mita ikuonetsa 3.9

Yamikani:
Vuto ndi lomwelo basi. Pa VIN paja moto sulowa molunjika mu chip, umadutsa kaye pa regulator, tambiri timakhala ndi AMS1117, ndipo iyeyo amadya pafupifupi 1V kuti atulutse 3.3V yoyenera. Ndiye iwe ukumupatsa 3.9 atulutsa chani? Kakakhala phee kamayenda ndithu mokakamiza, koma WiFi ikayamba kutumiza imakoka moto modzidzimutsa, mwina 300mA kapena kupitirira kwa kanthawi kochepa kwambiri, voteji nkugwa, chip nkudziteteza pozima. Ukaonerera pa Serial Monitor nthawi imene kakuzimayo umapeza mawu akuti Brownout detector was triggered. Sikuti code yako ndi yolakwika, kali ndi njala basi.

Kondwani:
Eee mawu amenewo ndinawaonadi tsiku lina ndili ndi chingwe china chachitali chopyapyala, ndinkaganiza kuti ndi chingwecho

Yamikani:
Chinali chingwechodi tsiku limenelo, matenda ake ndi amodzi. Zingwe zotchipa zija mkati muli tiwaya ngati tsitsi, moto umathera m'njira. Chita izi. Batire ilowe kaye mu TP4056, kabolodi kotchajira batire, koma ugule yokhala ndi chitetezo, uizindikira chifukwa ili ndi malo anayi owotcherera mbali imodzi, B+ B- komanso OUT+ OUT-. Kuchokera pa OUT upite ku MT3608, kabolodi kokweza voteji, ikweze kufika 5V, kenako ndiye upite pa VIN. Uikenso kapasita wamkulu, 470uF kapena 1000uF, pakati pa VIN ndi GND pafupi penipeni ndi bolodi, miyendo yake ifupike, ndipo uone mzere woyera uja ndi mbali ya minus usatembenuze amaphulika.

Yamikani:
Chinthu chimodzi chimene ndikukupempha, MT3608 ija usaimange ku ESP32 usanaiyeze. Ili ndi kabokosi ka buluu kokhala ndi kasikuluu pamwamba, umayenera kupotokola maulendo ambiri voteji isanayambe kusintha, ndiye munthu umangopotokola osaona kanthu kenako mwadzidzidzi yakwera, ndipo imatha kufika 28V. Ine chaka chatha ndinaotcha bolodi yanga yoyamba choncho, ndinamva kafungo kaja ka pulasitiki kenako regulator inatentha yosagwirika, ndalama imene ndinasunga mwezi wathunthu inapita mu masekondi awiri ndipo zinandiwawa kwambiri. Ika mita kaye, ione 5.0, kenako manga.

Thoko:
Kondwani ndakondwa nazo zimenezi zedi. Fayiloyo yakula bwanji? Unditumizire ku inbox ndiyese pa foni ya mwana wanga, ndi ya kalekale, ikayenda pamenepo ndiye kuti iyenda paliponse.

Kondwani:
41KB asisi, zithunzi mulibe, maenje ndi njere ndajambula ndi canvas. Ndatumiza

Mphatso:
41KB chete?? mukoma ndiye nyimbo imodzi ya pa foni ndi yaikulu kuposa game yonse

Thoko:
Inde Mphatso, ndipo ikhoza kuchepa kuposa pamenepo. Kuli mpikisano wina wotchedwa js13kGames, unayamba 2012, umachitika chaka chilichonse kuyambira 13 August mpaka 13 September, lamulo lake game yonse ikapanikizidwa mu zip isapitirire 13KB. Anthu amapanga zinthu zokongola m'menemo. Ine ndimaonera zimenezo kuti ndiphunzire chifukwa mavuto awo ndi ngati athu, kungoti iwo amadzimana dala ife ndi data imatimana. Kale magemu a mu browser ambiri ankafuna Flash, ana a pano simunaione, inatsekedwa pa 31 December 2020, pano canvas ndi JavaScript zikukwanira.

Bambo a Chifundo:
Ndawerenga zonse ana anga. Za mabatirezo ine sindilowererapo. Koma Kondwani mwana wanga ndili ndi funso, bawo imeneyi amene akuwerenga njere ndi ndani, mwanayo kapena foni? Chifukwa bawo si kusuntha timiyala ayi. Bawo ndi kukhala chete uli kuyang'ana thabwa, mumtima ukuyenda dzenje ndi dzenje, apa ndikagona, apa ndikadya, ndikadya apa ndiyambira uku ndikafika pa nyumba, dzenje lapadera lija, mnzako naye akuwerenga zomwezo kuti akutchinge. Ine ndinaphunzira ku Mbare ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, madala aja sankakuuza kanthu, umangoima kumbuyo kwawo masabata ndi masabata mpaka maso azolowere. Tsopano ngati mwana angodina kamodzi foni nkumuyendetsera zonse ndiye waphunzira kudina, bawo sanaiphunzire.

Kondwani:
Bambo mwanena zoona ndipo sindikutsutsani. Panopa ilidi choncho, ukadina dzenje nkusankha kumanja kapena kumanzere imayenda yokha mpaka kugona. Ndinkaganiza kuti mwana akaona kambirimbiri azolowera

Bambo a Chifundo:
Kuona nkwabwino koma dzanja nalo limaphunzira. Komanso ndiuze, poyamba mwaika njere zingati m'nyumba?

Kondwani:
Zisanu ndi imodzi bambo, kenako ziwiriziwiri m'maenje awiri oyandikana nayo kumanja, m'manja mutsala 22 aliyense. Ndinatenga malamulo pa intaneti

Bambo a Chifundo:
Imeneyo ndi ya ku Zanzibar mwana wanga, si yolakwika koma si yathu. Kwathu nyumba imayamba ndi 8, ziwiriziwiri zija zili chimodzimodzi, ndiye m'manja mumatsala 20. Zonse pamodzi ndi 64 basi, maenje 32, mizere inayi. Ukawapatsa agogo ako ya 6 angoyang'ana kamodzi nkukubwezera foni. Pita ukakhale nawo pansi, utulutse thabwa lija kuseri kwa kabati ulipukute, akuyalire okha, ulembe zimene akuchita osati zimene wawerenga. Uwafunsenso za kutakata, ndi nthawi imene nyumba imaloledwa kugona ndi imene imayenera kuyenda, pamenepo ndi pamene anthu amasiyana kwambiri, ngakhale ife a ku Mbare ndi a ku Mabvuku tinkakangana pomwepo.

Mphatso:
Sekuru kutakata ndi chii? pepani ine Chichewa changa ndi cha kuno, ndinabadwira ku Dzivarasekwa kumudzi ndinapitako kamodzi chete

Bambo a Chifundo:
Usapepese mdzukulu wanga, kufunsa ndi kumene tikufuna. Ukakhala kuti palibe pamene ungadye njere za mnzako, umayendabe koma osadya, kumeneko ndiye kutakata. Koma pakakhala poti udye sungakane, uyenera kudya basi ngakhale ukuona kuti kudyako kukuika pamoto. Ndiye katswiri amakutchera dala chakudya kuti udye iye akukolole. Amene mzere wake wakutsogolo watha njere zonse wagonja.

Thoko:
Kondwani ndayesa. Zinthu zitatu. Choyamba pamwamba pamene walemba kuti Bawo ya ku Malaŵi, pa foni iyi zikutuluka MalaÅµi, chilembo cha ŵ chasweka. Waiwala meta charset utf-8 mu head, uiike pamwamba penipeni. Chachiwiri maenje achepa, chala cha mwana wanga chikukwana koma cha agogo sichingakwane, maenje 8 pa mzere foni itaima ndi ang'ono kwambiri, ikakamize kuti munthu agoneke foni cham'mbali. Chachitatu ndi chachikulu, game yachiwiri ili mkati foni inangouma, osadinika paliponse, mpaka Chrome inafunsa ngati ndikufuna kutseka tsamba.

Kondwani:
Za kuumazo zinandichitikirapo kamodzi asisi koma sindinapeze chifukwa, ndinkaganiza kuti ndi foni yanga yadzaza

Thoko:
Si foni. Ndatsegula code yako, pogawa njere waika while imene imangoyenda mpaka njere yomaliza igwere m'dzenje lopanda kanthu. Nthawi zambiri imafikadi. Koma mu bawo muli mayendedwe ena osatha, njere zimazungulira mizere iwiri ija nkubwerera ndendende mmene zinalili poyamba, ndiye zimangobwereza mpaka kalekale. Ndipo JavaScript ya pa tsamba imagwira ntchito imodzi pa nthawi, while ikapanda kutuluka browser singajambule kanthu kapena kumva chala chako, nchifukwa chake yauma. Chita chonchi, usanaonetse kalikonse pa sikirini yendetsa kaye mwakachetechete pa kope la thabwa, ulendo uliwonse ukanyamula njere lemba mmene thabwa lilili pamodzi ndi dzenje limene uli nkusunga mu Set, mndandanda wa JavaScript umene susunga chinthu chimodzi kawiri. Ukapeza kuti zimene ukufuna kusunga zilimo kale ndiye kuti wazungulira, imitsa, umuuze wosewerayo kuti asankhe kwina. Zikatha bwino ndiye uonetse pang'onopang'ono ndi setTimeout, njere imodziimodzi.

Kondwani:
Aaa asisi mwanditsegula maso, ine ndimafuna kungoika kuti ikafika maulendo 200 iime

Thoko:
Imeneyonso imagwira koma ukhoza kudula mayendedwe abwinobwino amene angotalika chabe, ndipo ataliatali ajawo ndi amene amakoma mu bawo. Ya Set ija sinama, imaimitsa pokhapokha zabwerezadi.

Bambo a Chifundo:
Zoti njere zingayende osagona mpaka kalekale ine pa thabwa sindinazionepo ndi maso anga, mwina chifukwa munthu dzanja limatopa anzako nkukuuza kuti wasokoneza. Koma ndaona munthu akuyenda mpaka tiyi kuzizira, anthu onse ataimirira. Zimenezo musazidule ayi.

Yamikani:
Kondwani batire ija unaitenga kuti? Ndikufunsa chifukwa mtauni mwadzaza zabodza. Ine ndinagulapo zinayi pa shopu ina zolembedwa 9900mAh, zofiira zokongola, kunyumba tochi inayaka mphindi makumi awiri basi. 18650 yeniyeni sipitirira cha m'ma 3500mAh, ukaona nambala yoposa pamenepo siya. Ndipo uinyamule m'manja, yeniyeni imalemera cha m'ma 45g, zabodza zija zimapepuka ngati mulibe kanthu. Nditabwerera nazo anandiuza kuti chogulidwa sichibwezedwa, ndinangochoka mtima ukuwawa.

Kondwani:
Yanga ndinachotsa mu batire ya laputopu yakufa, munali zisanu ndi imodzi, ndinatenga imene imaonetsa voteji yambiri

Yamikani:
Wachita bwino, za mu laputopu zimakhala zenizeni kungoti zatopa. Nthawi zambiri paketi yonse imafa chifukwa cha ziwiri zokha zinazo zili moyo. Imene ikuonetsa pansi pa 2V usalimbane nayo, ndipo ina iliyonse imene ikutentha potchaja ichotse msanga. Yabwino uitchaje ifike 4.2, uisiye sabata osaigwiritsa ntchito, ukayezanso nkupeza yatsika kwambiri ndiye kuti ikudontha mkati. Posenda paketi ija samala ndi timalata tija timacheka zala komanso tikakhudzana timathetheka moto, ndipo chikopa cha pulasitiki cha batire chikang'ambika uikulunge chifukwa thupi lonse lija ndi minus. Osawotcherera pa batire penipeni nthawi yaitali, gula ka holder. Komanso potchaja uzizimitsa kabokosiko, TP4056 ikamatchaja uku katundu akukoka moto siidziwa kuti batire yadzaza.

Mphatso:
Mukoma Kondwani ine ndayesa kutsegula fayilo imene asisi Thoko anditumizira koma pa Opera Mini sizikuyenda, thabwa likuoneka theka ndikadina palibe chikuchitika

Thoko:
Opera Mini ikakhala pa kusunga data kwambiri kuja tsamba silitsegukira pa foni yako, limatsegukira pa makompyuta awo kutali nkukutumizira lopanikiza kale, ndiye JavaScript imangoyenda pang'ono nkuimitsidwa. Nchifukwa chake imasunga data koma game singayende. Komanso kabokosi ka Kondwani makompyuta awowo sangakaone nkomwe poti sikali pa intaneti. Tsegula ndi Chrome kapena Firefox. Kondwani ulembe zimenezi pa chivindikiro cha bokosilo chifukwa kuno anthu ambiri browser yawo ndi yomweyo.

Mphatso:
Yatseguka pa Chrome!! koma sindikudziwa kuti ndidine pati kkk. Mukoma muikemo pophunzitsa, ngati ka muvi kosonyeza kuti apa ungadye. Ndipo mawu akhale a Chichewa chomwechi osasintha, ine ndikufuna ndiziphunzira pomwepo, kunyumba timayankhula ndi gogo okha

Thoko:
Asasinthe ndithu. Chichewa chili m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka mu malamulo a dziko lino la Zimbabwe a 2013, koma tayang'anani pa foni zathu ngati muli kanthu kolembedwa m'Chichewa kupatula mauthenga athu omwewa. Mwana wanga mawu akuti kugona amawadziwa a pa bedi okha, lero wafunsa kuti bwanji njere zikugona.

Kondwani:
Funso lina asisi. Ndimafuna kuti munthu akasewera kamodzi pa kabokosi, game itsale mu foni mwake azisewera kunyumba ngakhale kabokosi kali kutali. Ndinayesa service worker, ka code kothandiza tsamba kutseguka popanda intaneti, koma ikukana kulembetsa

Thoko:
Ikana basi. Service worker imafuna https, kupatula pa localhost pamene ukuyesera pa kompyuta yako, ndipo 192.168.4.1 ija ndi http wamba. Usataye nthawi kulimbana nazo pa ESP32. Njira zilipo ziwiri. Ika kope lina pa GitHub Pages, ndi ulere ndipo https amakupatsa okha, munthu atsegule kamodzi ndi data, 41KB si kanthu, kenako izikhala mu foni. Kapena poti ndi fayilo imodzi ingoika batani loti sungani, itsike ngati fayilo, anthu azipatsirana pa WhatsApp kapena Bluetooth ngati mmene ndamupatsira Mphatso, awiri azisewera pa foni imodzi molandizana. Kabokosi kakhale ka pamene mwakumana pagulu. Ndipo thabwa lizisungidwa mbali ya ESP32 osati mu foni mokha, kuti wina foni ikamuthimira abwerere apeze game ili pomwe anaisiya.

Yamikani:
Wonjezera apo, ma Android ambiri akaona kuti WiFi ilibe intaneti amaithawa mwakachetechete nkubwerera ku data, munthu nkumadabwa kuti tsamba silikutseguka. Uziwauza azimitse data kaye, kapena foni ikafunsa ayankhe kuti ikhalebe pa WiFi yomweyo. Komanso softAP, WiFi ya kabokosi ija, ukapanda kuiuza imalola mafoni anayi okha, wachisanu amangokanidwa, nambalayo umaisintha pa mzere womwe uja woyatsira WiFi. Pa bawo oonerera amachuluka kuposa osewera ndiye ikweze.

Mphatso:
Nanga bwanji tipange thabwa lenileni la matabwa lokhala ndi magetsi pansi pa dzenje lililonse, liziyaka kusonyeza pamene njere ikupita? ndinaona timagetsi ta WS2812B tosintha mitundu

Yamikani:
Zotheka mphwanga ndipo waya wa data ndi mmodzi yekha kwa tonse 32. Koma werengera moto, kalikonse kakayaka koyera mwamphamvu kamakoka pafupifupi 60mA, kuchulukitsa ndi 32 ndi pafupifupi 2A, ka batire kamodzi kaja ndi MT3608 sizingapirire. Uziyatsa kamodzi kapena tiwiri pa nthawi, mochepetsa kuwala, pamenepo zitheka. Koma tiyeni timalize ichi kaye. Amene angatisemere thabwa alipo ku Glen View kwa akalipentala kuja, imeneyo si nkhani yovuta.

Bambo a Chifundo:
Thabwa la agogo ake Kondwani lokha musaliboole chonde.

Kondwani:
Ayi bambo limenelo silikhudzidwa. Mawa ndilowa mtauni nthawi ya lunch ndikafune zida zimene anena achimwene Yamikani, ndidzakuuzani

Kondwani:
Ndabweranso abale, papita masiku atatu. Za moto zatheka. Magetsi kwathu anazima kuyambira m'mawa ndiye ndinakawotcherera kwa achimwene Yamikani pa solar yawo, tinaika mita kaye mpaka inaonetsa 5.0 ndiye nkumanga, kapasita wa 1000uF tinachotsa mu wailesi yakufa. Zonse zalowa mu kontena ya sopo ija yokhala ndi chivindikiro, switch ndaboolera m'mbali. Mafoni asanu analowa nthawi imodzi osazima ngakhale kamodzi, ndakasiya koyaka kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 6 madzulo kakadali moyo. Set ija ndaikamo asisi, ndinabwereza game imene inauma ija pano ikulemba kuti njira iyi siitha sankhani ina. Ŵ nayenso wachira.

Kondwani:
Koma nkhani yeniyeni ndi ya agogo. Ndinachita mmene munanenera bambo, ndinatulutsa thabwa, linali ndi fumbi ndi ukonde wa kangaude m'maenje, njere zake zinali mu chitini cha mkaka zitasowa zitatu ndiye tinaonjezera timiyala. Anayala okha osayang'ana nkomwe, 8 m'nyumba ndendende. Manja awo amanjenjemera akagwira kapu koma pogawa njere sananjenjemere, chala chachikulu chimangotulutsa imodziimodzi, kaphokoso kaja ka njere pa thabwa ndinali nditakaiwala. Anandidya magemu atatu otsatizana ndipo pa game yachitatu anandiuza ndisanayende nkomwe kuti ukayambira apo ukagona apa ine ndikudya izi, nkukhaladi choncho. Kenako ndinawapatsa foni. Anadina dzenje, njere zinathamanga zokha mpaka kugona, iwo anangoyang'ana nkunena kuti wasewera ndani, ine kapena iyeyu? Nkuiika pansi.

Bambo a Chifundo:
Ndi zimene ndinkanena zija.

Kondwani:
Ndi zomwezo bambo. Ndiye usiku womwewo ndinasintha. Pano ukanyamula njere zimakhala m'manja mwako, nambala ikuoneka pakona, ndipo uyenera kudina wekha dzenje lililonse motsatana kuti njere igwe, ukadumpha dzenje foni imanjenjemera nkukana. Ikafika yomaliza siikuuza kanthu, iweyo udziwe wekha ngati wagona kapena unyamule upitirize kapena udye, ukalakwitsa ndi pamene imakukonza. Ndachotsanso manambala amene ndinalemba pa dzenje lililonse, agogo anati bawo salemba manambala umawerenga ndi maso, kungoti njere zikachuluka pa sikirini zimaunjikana ndiye ukagwira dzenje nthawi yaitali nambala imatuluka. Ndinajambulanso kaphokoso ka njere pa thabwa lawo lomwelo ndi foni, kakafupi kwambiri, fayilo yakwera kufika 48KB. M'mawa ndinawapatsanso, anasewera mpaka kumaliza ndi mdzukulu wawo wamng'ono wa giredi 5, iwo ali pa mpando wawo iye ali pa sitepe, kabokosi kali pa windo. Akumukalipira kuti werenga kaye usanagwire.

Thoko:
Kondwani misozi yalengeza ine kuno. Yakale yoyenda yokha ija usaifufute, ikhale ya oonerera, amene akungoyang'ana pa foni zawo aziona njere zikuyenda mmene wosewerayo akudinira. Ndipo fayilo uipanikize ndi gzip usanaiike mu LittleFS, mosungira mafayilo mwa ESP32, izitseguka msanga mafoni akachuluka. Nditumizire yatsopanoyo.

Mphatso:
Ka muvi kophunzitsa kaja mwaikamo mukoma?

Kondwani:
Ndinawafunsa agogo anakana, akuti muvi ukupusitsa, ubwere Loweruka akuphunzitse okha. Koma ndiikamo kuti uziyaka magemu awiri oyamba okha kenako uzizima. Chimene chatsala ndi nkhani ya nyumba, pali pamene agogo anaiyendetsa pomwe code yanga imati igone, ndawafunsa kawiri akungoti zimaoneka, sindinagwirebe lamulo lake

Bambo a Chifundo:
Limenelo silifotokozeka pa foni, ndidzakuyalira pa thabwa uone ndi maso, ndipo ndikufuna ndimve kwa iwo kaye poti a ku Dedza mwina amasiyana ndi mmene tinkachitira ku Mbare. Uwauze agogo ako kuti Loweruka kukubwera mlendo wodzasewera nawo, akonzeke. Njere zitatu zosowazo ndibweretsa ine ndili nazo zotsala. Ndikwera kombi ya ku Mufakose cha m'ma 1 koloko ndikatuluka ku msonkhano wa mpingo, udzandichingamire pa mashopu.

Yamikani:
Nanenso ndibwera ndi mita ndi batire ina yotchaja kale. Mphatso ubwere ndi foni ya gogo wako ija tiyese ngati ilowa, ikakhala ya WiFi ya 2.4GHz ilowa basi poti ESP32 imeneyi ndi yomweyo imene imatulutsa

Mphatso:
Ndibwera ndi gogo amene, amva kuti kuli bawo akuti nawonso ankasewera ntchuwa ali mtsikana ku Ntcheu, akufunsa ngati iliponso mu kabokosimo

Kondwani:
Mulibe koma malo alipo ambiri, flash yake ndi 4MB. Abwere adzatiyalire ndilembe